Mabwinja a Aroma ku Britain: mmene mungawerengere miyala yofika m'maondo

Munthu amene wakhala ku Britain chaka chimodzi kapena ziwiri amakhala atapondapo kale pa zinthu za Aroma, ngakhale iye mwini sakudziwa. Mayina a mizinda ngati Manchester, Leicester, Doncaster ndi Gloucester ali ndi mchira wofanana: chester, cester, caster. Mchirawo unachokera ku mawu a Chilatini akuti castra, kutanthauza msasa wa asilikali. Msewu wa A5 umatsata kwambiri njira yakale ya Watling Street, ndipo mbali ina ya A46 inagona pa Fosse Way. Mukaona msewu wa ku England utawongoka ngati chingwe cha mmisiri womanga nyumba, mtunda wautali osakhota, kawirikawiri pansi pake pali msewu wa Aroma.

Koma amene amapita dala kukaona mabwinjawa nthawi zambiri amabwerako nkhope ili gwa. M'mutu amanyamula chithunzi cha Colosseum, bwalo lalikulu la masewera la ku Rome, zipilala zazitali ndi ziboliboli zoyera. Akafika amapeza mizeremizere ya miyala yofika m'maondo, mphepo yozizira, ndi nkhosa zikudya msipu. Ndalama ya sitima ndi ya pachipata imaoneka ngati yatayika.

Vuto silikhala la malowo. Munthu wokulira kumudzi akafika pa bwinja safuna womuuza kuti apa panali nyumba, apo nkhokwe, uko dzala. Amaona chitunda cha dothi, mitengo ya mango yoima pamzere, mapale, phulusa, n'kuuona mudzi wonse m'maso mwake. Luso lomwelo ndi limene likufunika pano, kungoti zizindikiro zake n'zina.

Aroma ake ndi omwe aja

Aroma amene anamanga malowa ndi omwe timawamva m'tchalitchi. Mfumu Claudius, amene buku la Machitidwe limanena kuti anathamangitsa Ayuda mu mzinda wa Roma, ndiye anatumiza asilikali kukalanda Britain m'chaka cha 43. Julius Caesar anali atawolokerako kawiri, m'zaka za 55 ndi 54 Yesu asanabadwe, koma sanakhalitse. Ulamuliro wa Aroma pa chilumbachi unatha cha m'ma 410. Ndiye kuti anakhalako zaka zoposa 350, nthawi yaitali kuposa kanayi imene Nyasaland inakhala m'manja mwa Angerezi.

Kutalika kwa nthawiyi n'kofunika kukukumbukira mukaima pa bwinja. Malo amodzi amakhala atamangidwa, kugwetsedwa, n'kumangidwanso kangapo. Khoma limene mukuliona likudutsa pakati pa chipinda mopanda nzeru si kuti mmisiri anali woledzera. Ndi khoma la m'badwo wina, lomangidwa pamwamba pa nyumba ya m'badwo wam'mbuyo.

Miyala inapita kuti

Mvula ndi chisanu zinachita mbali yake, koma anagwetsa kwambiri ndi anthu. Mwala wosemedwa kale ndi chuma, ndipo kwa zaka zoposa 1,000 aliyense wofuna kumanga ankangopita ndi ngolo kukatapa. Chipinda cha pansi cha tchalitchi cha Hexham Abbey, chimene chinamangidwa m'zaka za m'ma 670, n'chomangidwa ndi miyala yotengedwa ku tauni ya Aroma ya Corbridge, ndipo ina mwa miyalayo ikadali ndi zolemba za Chilatini. Nsanja ya tchalitchi chachikulu cha St Albans ndi ya njerwa za Aroma zochokera ku tauni ya Aroma ya Verulamium, kumunsi kwa phiri lomwelo. Nkhondo ya oukira a ku Scotland ya 1745 itatha, boma linalambula msewu wa asilikali kuchoka ku Newcastle kulowera ku Carlisle, ndipo pa mtunda wautali linaphwanya Khoma la Hadrian, khoma lalitali la Aroma la kumpoto kwa England, n'kuyala msewuwo pamwamba pake. Lero msewuwo ndi B6318. Woyendetsa galimoto amene akufunsa kuti khoma lili kuti nthawi zina amakhala akuliponda ndi matayala.

N'chifukwa chake zimene mungaone zili m'magulu atatu, ndipo n'kwabwino kuzisiyanitsa. Pali miyala ya Aroma yeniyeni imene ili pamene anaiika, yongolimbitsidwa ndi matope a laimu atsopano kuti isagumuke. Pali makoma amene anaunjikidwanso m'zaka za m'ma 1800 ndi miyala ya Aroma yomwe inagwa. John Clayton, loya wa ku Newcastle, anagula minda yambiri m'mbali mwa khoma n'kulemba anthu kuti aliimikenso. Khoma la Clayton mungalizindikire msanga: miyala yake ya kunja ndi yongosanja popanda matope, ndipo pamwamba pake pamera udzu. Ndi lokongola pa chithunzi koma n'losalimba, ndiye chifukwa chake amaletsa kuyendapo. Gulu lachitatu ndi nyumba zomangidwa masiku ano pofuna kuonetsa mmene zinalili, monga chipata chachikulu cha ku Arbeia ku South Shields ndi chipata cha ku Castlefield mu Manchester. Zimenezi si chinyengo, zikwangwani zimanena poyera. Ndipo kwa woyamba kumene n'zothandiza kwambiri, chifukwa ukaona chipata chathunthu kamodzi, maziko a zipata zina zonse amayamba kuyankhula.

Linga limodzi, malinga onse

Ubwino wa asilikali a Aroma n'ngwakuti ankamanga motsata ndondomeko imodzi. Mukalidziwa bwino linga limodzi, mwadziwa pafupifupi onse, kuyambira ku Wales mpaka ku Syria. Pophunzirira pabwino ndi pa Housesteads, pakati pa Khoma la Hadrian, linga la mahekitala pafupifupi 2 limene munkakhala asilikali oyenda pansi okwana 800, ochokera ku dera limene lero ndi Belgium.

Yambani ndi mpanda wakunja. Linga limakhala la mbali zinayi, lotalikirapo mbali imodzi, ngodya zake zozungulira ngati khadi la juga. Mbali iliyonse ili ndi chipata, ndipo chipata chilichonse chinali ndi njira ziwiri ndi tizipinda ta alonda uku ndi uku. Yang'anani pansi: pa mwala wa pakhomo pali mabowo ozungulira momwe munkazungulira msomali wa chitseko, ndipo pa chipata cha kum'mawa cha Housesteads pali mikwasa iwiri imene matayala a ngolo anakumba mu mwala. Zipata zina mudzapeza njira imodzi itatsekedwa ndi miyala. Anatseka ndi Aroma okha, ataona kuti khomo lachiwirilo likungowonjezera ntchito ya ulonda.

Pakati penipeni pa linga pamakhala likulu. Limayamba ndi bwalo, kenako holo yopingasa, kenako tizipinda tisanu kumbuyo. Kachipinda ka pakati kanali kopatulika, mosungira mbendera za gulu, ndipo m'malinga ambiri pansi pake pamakhala chipinda chokumba chosungira malipiro a asilikali. Cha ku Chesters, linga lina la pa khomali, chikadali ndi denga lake la miyala ndipo mukhoza kusuzumiramo. Pambali pa likulu pali nyumba ya mkulu wa gulu, yaikulu modabwitsa, ya bwalo pakati, momwe ankakhala ndi mkazi wake, ana ndi akapolo.

Mbali inayo kuli nkhokwe, ndipo apa ndi pamene alendo ambiri amasokonezeka. Amaona tizipilala tamiyala tambirimbiri titaima m'mizere, n'kumati ndi njira yotenthetsera nyumba. Ayi. Nkhokwe ya Aroma inkagwira ntchito ngati yathu yomwe: pansi pake pankakwezedwa kuti mphepo izidutsa, tirigu asachite chinyezi, makoswe avutike kukwera. Muizindikire ndi makoma ake okhuthala okhala ndi michirikizo kunja, timipata ta mphepo m'munsi mwa khoma, ndi khomo lalikulu lotsitsirapo katundu. Chipinda chotenthetsedwa nacho chili ndi tizipilala, nthawi zambiri ta matailosi osanjikiza kapena miyala, koma chimakhala ndi ng'anjo pambali, kabowo kopindika pamwamba komwe kapolo ankasonkhezera moto. Utsi ndi mpweya wotentha zinkayenda pansi pa simenti n'kukwera m'mipope ya m'makoma. Miyala ya pakamwa pa ng'anjoyo imakhala yofiira ndi yong'aluka chifukwa cha moto. Mukaona kufiirako mwapeza chipinda chofunda. Mukaona michirikizo mwapeza nkhokwe.

Nyumba zazitali zopapatiza zimene zadzaza malo otsala ndi zogona asilikali. Iliyonse inali ya gulu la kenturiyo mmodzi. Ambiri timaganiza kuti kenturiyo ankalamulira anthu 100, koma pa nthawi imeneyi gulu lake linkakhala la anthu 80, ogawidwa m'timagulu 10 ta anthu 8. Kagulu kalikonse kanali ndi malo ake, kutsogolo kosungira zida, kumbuyo kogona. Kenturiyo ankatenga chigawo chachikulu cha kumapeto. Asilikali ankapera okha tirigu wawo ndi kuphika okha, ndipo mauvuni ankamangidwa m'mbali mwa mpanda, kutali ndi nyumba, kuopa moto.

Chimbudzi cha Housesteads ndi chimene chimakopa anthu kuposa china chilichonse, ndipo n'koyenera. Chili pa ngodya ya kumwera chakum'mawa, malo otsika kwambiri pa linga lonse, kuti madzi aziyenda okha. Mipando yamatabwa inali pamwamba pa ngalande yakuya m'mbali ziwiri, anthu n'kumakhala moyandikana popanda chotchinga. Pamwamba pa phiri palibe mtsinje, choncho ankakolola madzi a mvula m'matanki amiyala, ndipo matankiwo akadalipo pamodzi ndi ngalande zake. Mvula ikagwa yambiri madzi amayendabe m'njira zomwezo.

Musabwerere musanatuluke pa chipata cha kumwera. Kunja kwake kunali mudzi wa anthu wamba: ogulitsa, amisiri, akazi ndi ana a asilikali. Pansi pa nyumba ina ya m'mudzimo, ofukula a m'zaka za m'ma 1930 anapeza mafupa a anthu awiri, mwamunayo ali ndi nsonga ya mpeni m'nthiti. Lamulo la Aroma linkaletsa kuika maliro mkati mwa mudzi, ndiye amene anawakwirira pamenepo anali ndi chobisa.

Nyumba yosambiramo inkamangidwa kunja kwa linga. Yooneka bwino ili ku Chesters, m'mphepete mwa mtsinje wa North Tyne, ndipo makoma ake ena ndi otalika kuposa munthu. Munthu ankavula m'chipinda chachikulu chokhala ndi mapanga asanu ndi awiri m'khoma, n'kudutsa chipinda chozizira, chofunda, mpaka chotentha. Sopo kunalibe. Ankadzola mafuta a azitona, kutuluka thukuta, kupala litsiro ndi kachitsulo kopindika, n'kumaliza ndi madzi ozizira.

Khoma lenilenilo

Mfumu Hadrian anafika ku Britain m'chaka cha 122, ndipo khoma lotchedwa dzina lake linayamba kumangidwa nthawi yomweyo. Linayambira ku Wallsend pa mtsinje wa Tyne mpaka ku Bowness-on-Solway kumadzulo, makilomita pafupifupi 117, ngati kuchoka ku Lilongwe kukafika kupitirira Mchinji boma. Anamanga ndi asilikali a magulu atatu akuluakulu, ndipo ntchito yaikulu inatenga zaka pafupifupi 6. Palibe pamene khoma latsala lathunthu mpaka pamwamba, koma akatswiri amayerekeza kuti linali lotalika mamita 4 kapena kupitirirapo.

Silinali khoma lokha. Pa mtunda uliwonse wa mailo imodzi ya Aroma, mamita pafupifupi 1,480, panali kalinga kakang'ono ka chipata, ndipo pakati pa timalinga tiwiri panali nsanja ziwiri za alonda. Kumpoto kwa khoma kunali chingalande chakuya. Kumwera kunali chingalande china cha pansi pafulati, chokhala ndi mitumbira iwiri m'mbali, chimene lero amachitcha Vallum. Ambiri amachidutsa osachiona chifukwa ndi dothi chabe lomera udzu, komatu m'malo ambiri chimaoneka bwino kuposa khomalo, makamaka dzuwa likapendeka n'kuponya mithunzi.

Ndondomeko inasintha ntchito ili mkati, ndipo kusinthako kumaoneka ndi maso. Anayamba ndi khoma la m'lifupi mamita pafupifupi 3, kenako analichepetsa kufika mamita 2.4 kapena kucheperapo. M'malo ena mudzaona khoma lopyapyala litakhala pa maziko aakulu, maziko atatsala ngati sitepe kumbali ya kumwera. Kumadzulo kwa mtsinje wa Irthing linayamba lamangidwa ndi zibuma za dothi la udzu, miyala inabwera pambuyo. Malinga akuluakulu nawo anawonjezedwa ntchito itayamba kale: mkati mwa Housesteads muli maziko a nsanja imene inagwetsedwa kuti linga likhalepo.

Zipata zambiri chonchi zikusonyeza kuti cholinga sichinali kutseka kokha. Khoma linkathandizanso kuona amene akulowa ndi kutuluka, monga zimakhalira pa chipata cha m'malire masiku ano. Komanso silinakhalepo malire a England ndi Scotland. Lonse lili mu England, ndipo mayiko awiriwo kunalibe pamene linkamangidwa.

Makalata a m'matope

Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha, theka lake lipite ku Vindolanda, makilomita ochepa kumwera chakumadzulo kwa Housesteads. Linga loyamba pamenepa linamangidwa cha m'ma 85, khoma lisanaganiziridwe n'komwe. Gulu lililonse latsopano likabwera linkagwetsa nyumba zakale, kuthirapo dongo, n'kumanga pamwamba. Dongolo linatseka mpweya, ndipo kopanda mpweya zinthu siziwola. Chifukwa cha zimenezi ofukula apezamo nsapato zachikopa zoposa 5,000, za amuna, za akazi ndi za makanda, komanso zipeso, nsalu ndi zoseweretsa.

M'chaka cha 1973 Robin Birley anapeza timatabwa topyapyala, tokula ngati positikhadi, tolembedwa ndi inki. Anali makalata. M'kalata ina ya cha m'ma 100, Claudia Severa akuitana mnzake Sulpicia Lepidina, mkazi wa mkulu wa linga, ku phwando la tsiku lake lobadwa, ndipo mawu otsiriza anawalemba ndi dzanja lake. Ina ikunena za katundu wotumizidwa kwa msilikali: masokosi, nsapato ndi makabudula amkati. Ina ndi ya mkulu wa asilikali a pa akavalo amene akudandaula kuti anyamata ake mowa wawathera. Aliyense amene anayamba watumizirapo m'bale wake phukusi kunja, kapena kulilandira, sangawerenge makalatawa ngati nkhani ya anthu achilendo. Timatabwa tambiri tili ku British Museum ku London, tina timaonetsedwa pa Vindolanda pomwepo. Kufukula kumapitirira chaka ndi chaka m'miyezi yofunda, ndipo alendo amaloledwa kuima m'mbali kuonerera ndi kufunsa mafunso.

Anthu a ku Africa pa khomali

Asilikali olondera khoma sanali a ku Italy ayi. Ankachokera ku madera amene lero ndi Belgium, Netherlands, Germany, Spain, Romania ndi Syria. Panalinso a ku Africa. Ku Burgh by Sands, pafupi ndi Carlisle, kunali gulu la Amauri, anthu a kumpoto chakumadzulo kwa Africa, m'zaka za m'ma 200, ndipo umboni wake ndi mwala wolembedwa umene unapezeka m'mudzi wa Beaumont mu 1934. Mu myuziyamu ya Arbeia muli mwala wa pamanda wa Victor, mnyamata wa Chimauri amene anamwalira ali ndi zaka 20, kapolo womasulidwa wa msilikali wa pa kavalo dzina lake Numerianus. Pafupi nawo pali wa Regina, mkazi wa ku Britain komweko amene anali kapolo, n'kumasulidwa ndi kukwatiwa ndi Barates wa ku Palmyra ku Syria. Mwamunayo analembetsa mwalawo m'Chilatini, koma mzere wa kulira kwake anauika m'chiyankhulo cha kwawo.

Bwanamkubwa Quintus Lollius Urbicus, amene anamanga khoma lachiwiri la Antonine mu Scotland cha m'ma 142, anali wa ku Numidia, mu Algeria wa lero. Mfumu Septimius Severus anabadwira ku Leptis Magna mu Libya ndipo anafera ku York m'chaka cha 211. Tisakokomeze: amenewa anali a kumpoto kwa chipululu cha Sahara, ndipo Aroma sanafike kwathu kuno. Koma mwana wobadwira ku Britain amene akufunsa ngati anthu a ku Africa anayamba dzulo kupezeka pa chilumbachi, yankho lake lili pa miyala imeneyi, ndipo kulowa ku Arbeia n'kwaulere.

Kayendedwe ndi zimene zimalakwika

Kuchoka ku London King's Cross kufika ku Newcastle pa sitima ndi maola pafupifupi 3. Ku Newcastle mumakwera sitima ya ku Carlisle n'kutsikira ku Hexham kapena Haltwhistle. Pakati pa matauni awiriwa pamayenda basi ya nambala AD122, imene imaima ku Chesters, Housesteads, Vindolanda ndi pa Roman Army Museum. Basiyi siyenda pafupipafupi ndipo nthawi zake zimasintha ndi nyengo. Cholakwika chachikulu ndi kusaona nthawi ya basi yotsiriza. Kumtunda kuja kulibe minibasi kapena kabaza, matakisi ndi ochepa ndipo amafuna kuitanidwiratu, komanso netiweki ya foni imasowa m'zigwa. Jambulani ndandanda ya basi m'foni musananyamuke.

Malowa si a mwini mmodzi, ndipo apa ndi pamene ndalama zimatayika. Chesters, Corbridge, Birdoswald ndi Housesteads amayendetsedwa ndi bungwe la English Heritage, ndipo mamembala a bungwe la National Trust amalowanso ulere pa Housesteads. Vindolanda ndi Roman Army Museum ndi za bungwe lina loima palokha, choncho khadi la English Heritage siligwira ntchito kumeneko, koma pali tikiti imodzi yolowera malo awiriwo. Poimika galimoto pa Housesteads mumalipira padera. Kuyenda m'mbali mwa khoma lenilenilo n'kwaulere. Banja limene likufuna kuona malo atatu kapena anayi pa chaka liwerengetse kaye, chifukwa umembala wa chaka umatha kutsika mtengo kuposa matikiti apaderapadera.

Kuchokera poimika galimoto kufika pa linga la Housesteads pali chitunda cha mamita pafupifupi 750, cholemetsa kwa okalamba ndi kwa okankha ngolo ya mwana. Chesters ndi Corbridge ndi pafulati. Njira yokongola koposa ndi ya ku Steel Rigg kukafika ku Housesteads, makilomita pafupifupi 5, koma ndi yokwera ndi kutsika matanthwe, ndipo imadya maola awiri kapena kuposa. Mphepo imawomba kwambiri kuchokera kumadzulo, ndiye kuyenda kulowera kum'mawa kumaiika kumsana. Ambulera n'njopanda ntchito kumeneko, imatembenuzika. Pamafunika jekete losalowa madzi, juzi mkati, ndi nsapato zogwira pansi, ngakhale mu July. Mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane ndipo malo ena amatseka kapena kuchepetsa masiku, choncho nthawi yabwino ndi kuyambira May mpaka September. Njira yonse ya wapansi, yolembedwa ndi chizindikiro cha kambewu ka mtengo wa oak, ndi makilomita 135 ndipo anthu amaimaliza m'masiku 6 kapena 7.

Malo ambiri amene njirayi ikudutsa ndi mabusa a anthu. Chipata chimene mwachipeza chotseka chitsekeninso. Ng'ombe ya mwana muilambalale patali.

Lamulo n'lolimba kuposa mmene malowo amaonekera. Lamulo la 1979 loteteza malo akale limaletsa kuwononga, kukumba, kapena kufufuza zitsulo ndi makina pa malo otetezedwa popanda chilolezo. Kamwala kotola kuti kakhale chikumbutso, kapena dzina lolembedwa pa khoma ndi kiyi, zikhoza kukhala mlandu, ndipo kwa munthu wokhala m'dziko ndi visa mlandu wa kukhoti umatsata mpaka pa mapepala. Anthu awiri amene anadula mtengo wotchuka wa pa Sycamore Gap, m'mbali mwa Khoma la Hadrian, mu September 2023, n'kuwononganso khoma pamene mtengowo unagwera, anagamulidwa mu 2025 kukakhala kundende zaka zoposa 4 aliyense.

Kwa amene kumpoto kwatalika

Wokhala ku London akhoza kuona zambiri masana amodzi osalipira. Pafupi ndi siteshoni ya Tower Hill paima chidutswa cha mpanda wa mzinda wa cha m'ma 200. Mbali ya Aroma ndi ya m'munsi, mamita pafupifupi 4, ndipo imadziwika ndi mizere ya matailosi ofiira yodutsa pakati pa miyala. Mizereyo inkawongola ndi kumanga pamodzi khomalo. Pamwamba pomwe mizere yatha ndi ntchito ya mibadwo ya pambuyo. Pansi pa Guildhall Art Gallery pali zotsala za bwalo la masewera lopezeka mu 1988, ndipo panja pake mzere wozungulira wa miyala yakuda ukusonyeza kukula kwake. Kachisi wa mulungu Mithras, wopezeka mu 1954, ali pansi pa nyumba ya Bloomberg, mamita 7 kutsika kuchokera pa msewu wa lero. Kulowa n'kwaulere koma n'kwanzeru kusungitsiratu malo pa intaneti.

Ku malo osambira a Aroma a mu mzinda wa Bath mumalipira, ndipo mtengo wake si wochepa, koma n'zosiyana ndi kwina konse. Kasupe wake amatulutsa malita oposa 1 miliyoni pa tsiku, otentha madigiri 46. Dziwe lalikulu, lakuya mamita 1.6, likadali ndi mtovu umene Aroma anayala pansi. Khonde la pamwamba ndi ziboliboli za mafumu zimene anthu amakonda kujambula ndi za m'ma 1890. Madzi ndi obiriwira chifukwa denga linagwa ndipo dzuwa limameretsa ndere. Kusambamo kunaletsedwa mu 1978 mtsikana wina atamwalira ndi kachilombo ka m'madzimo, ndipo ngakhale kuviikamo dzanja amaletsa. Musaphonye timapepala ta mtovu toposa 100 tomwe anthu ankaponya m'kasupe, topempha mulungu wamkazi Sulis Minerva kuti alange wakuba. Ambiri mwa matembererowo ndi a zovala ndi ndalama zobedwa mwiniwake akusamba.

Ku Wales kuli Caerleon, pafupi ndi Newport, komwe kuli bwalo la masewera la anthu pafupifupi 6,000 ndi nyumba zogona asilikali. Ku Chester mukhoza kuzungulira mzinda pamwamba pa mpanda umene mbali zake zina ndi za Aroma.

Ulendo wa ku Italy

Chilolezo chokhala ku Britain sichitsegula chipata cha Italy. Wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa amafunika visa ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, ndipo amaipempha ali ku Britain komweko ngati akukhalako movomerezeka. Mtengo wake unakwera kufika mayuro 90 mu 2024, kuwonjezera ya ofesi yolandira mapepala. Amafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, umboni wa ntchito ndi ndalama, malo ogona, ndi pasipoti yotsala ndi miyezi itatu kupitirira tsiku lobwerera. Mukhoza kupempha kutatsala miyezi 6. Chimene chimagwetsa maulendo ambiri si kukanidwa koma kusowa tsiku lokaperekera mapepala, makamaka chilimwe cha kumeneko chikayandikira, munthu atagula kale tikiti ya ndege yosabweza ndalama.

Tikiti ya Colosseum imalembedwa dzina la mwini ndi ola lolowera, ndipo imaphatikiza mabwinja a Forum, bwalo lakale la pakati pa mzinda, ndi phiri la Palatine. Dzina lifanane ndi la pa pasipoti, ndipo mugule pa tsamba la boma, osati kwa anyamata oima panja. Ku Pompeii, mzinda umene phiri la Vesuvius linakwirira m'chaka cha 79, mumapita pa sitima ya Circumvesuviana kuchoka ku Naples n'kutsikira pa Pompei Scavi. Kuyambira mu November 2024 amalowetsa anthu osapitirira 20,000 pa tsiku. Mzindawo ndi wa mahekitala pafupifupi 66, mithunzi ndi yochepa, ndipo mu July ndi August kumatentha ngati ku Chikwawa mu October. Tengani botolo, mipope ya madzi akumwa ilimo.

Pa njanji yomweyo, musanafike ku Pompeii, pali siteshoni ya Ercolano Scavi, yotsikira ku Herculaneum. Tauniyi ndi yaing'ono, maola atatu amakwana, ndipo inakwiririka mozama kwambiri ndi phulusa lotentha limene linauma ngati thanthwe. Kumeneko nyumba zina zikadali ndi chipinda cha m'mwamba, mitanda ya denga yakuda ngati makala ili m'malo mwake, ndipo m'nyumba ina chitseko chamatabwa chogawa chipinda chaimabe pamene eni ake anachisiya.